Mendulo zinayi za Meja Anders Lassen ndi malamulo amene ankaweruza akufa

Usiku wa pa 8 Epulo 1945, kutangotsala milungu itatu ndi masiku ochepa kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ithe m'dziko la Italy, kagulu ka asilikali osakwana 20 kanatsika m'mabwato kumpoto kwa nyanja ya Comacchio, n'kuyamba kuyenda mumdima pa msewu wopapatiza umene unali ndi madzi mbali zonse ziwiri. Wowatsogolera anali Meja Anders Lassen, mnyamata wa zaka 24 wochokera ku Denmark, amene ankagwira ntchito m'gulu la asilikali apadera a Britain lotchedwa Special Boat Service. Sanawatume kuti akalande malo. Anawatuma kuti akachite phokoso ndi chisokonezo chokwanira kupusitsa Ajeremani, kuti aganize kuti gulu lalikulu lankhondo likukocheza kumeneko, pamene nkhondo yeniyeni ya gulu lalikulu lankhondo la Britain la Eighth Army inali kukayambira kwina m'mawa mwake.

Zimene zinachitika pa msewuwo tikuzidziwa kuchokera m'chikalata cha boma chofotokoza chifukwa chimene anamupatsira mendulo. Atayenda mayadi pafupifupi 500, alonda a adani anawaimitsa, ndipo iwo anayankha kuti ndi asodzi obwerera kwawo, bodza limene likanatha kumveka popeza nyanjayo ndi yotchuka ndi usodzi wa mikunga. Alondawo sanakhulupirire. Mfuti zachiwaya zinayamba kulira kuchokera m'malo atatu otchingidwa, ndipo pa msewu wotero panalibe kobisala. Lassen anathamangira malo oyamba yekha ndi mabomba oponya ndi manja n'kuwathetsa, anachitanso chimodzimodzi pa malo achiwiri anzake akumuteteza ndi mfuti, kenaka anasonkhanitsa otsala n'kulunjika pa malo achitatu. Kumeneko kunamveka mfuu yakuti adani akugonja. Iye anayandikira mpaka mayadi atatu kapena anayi kuti awalamule kutuluka, ndipo ali mkati mofuula anaomberedwa ndi mfuti yachiwaya kuchokera chakumanzere. Pogwa anaponyanso bomba limodzi, limene linapatsa anzake mpata wolanda malowo. Anakana kuti amunyamule, ponena kuti kutero kuchedwetsa ena pobwerera ndi kuwaphetsa. Anafa m'bandakucha wa pa 9 Epulo, tsiku lomwelo limene Ajeremani analowa m'dziko lakwawo zaka zisanu m'mbuyomo.

Mu Seputembala 1945 nyuzipepala ya boma ya London Gazette inalengeza kuti Mfumu George VI yapereka kwa Lassen mendulo ya Victoria Cross, imene ili pamwamba pa mendulo zonse za kulimba mtima pankhondo m'dziko la Britain. Inali yachinayi kwa iye, chifukwa anali atalandira kale Military Cross katatu ali moyo. Kuti munthu amvetse tanthauzo la mendulo zinayizi, kusimba za kulimba mtima kwake kokha sikukwanira. Pafunikanso kudziwa malamulo amene ankanena kuti mendulo iti ipite kwa yani, chifukwa malamulowo ankasiyanitsa ofisala ndi msilikali wamba, ankasiyanitsanso wamoyo ndi wakufa, ndipo kusiyanitsa kwachiwiriku n'kumene anthu ambiri sakudziwa.

Tiyambe ndi zitatu zoyambazo. Military Cross inakhazikitsidwa mu Disembala 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, ndipo inali ya maofisala ang'onoang'ono, kuyambira pa kaputeni kutsika m'munsi, pamodzi ndi akuluakulu ena a udindo woyandikira uofisala. Mu 1931 anailola kufikanso kwa mameja. Msilikali wamba wochita chinthu chofanana nacho ankalandira mendulo ina, Military Medal. Ndi mtanda wasiliva wopachikidwa pa kansalu koyera kokhala ndi mzere wofiirira pakati. Munthu akachitanso china choyenera mendulo yomweyo samupatsa mtanda wachiwiri, koma amamuwonjezera kachitsulo kopingasa pa kansaluko, ndipo kachitsulo kalikonse kamawerengedwa ngati mendulo yathunthu. M'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anthu oposa 10,000 analandira Military Cross, koma amene anafika pa tizitsulo tiwiri anali 24 okha, ndipo Lassen anali mmodzi wa iwo.

Njira imene anafikira m'gulu lankhondo la dziko la eni ndi yachilendo. Anabadwa pa 22 Seputembala 1920 m'banja lopeza bwino la eni minda, kum'mwera kwa chilumba cha Zealand ku Denmark, ndipo sukulu sinamukomere. Anakalowa ntchito pa sitima zapamadzi zonyamula katundu, moti pamene Denmark inkagwa m'manja mwa Ajeremani pa 9 Epulo 1940 iye anali panyanja, kutali ndi kwawo. Kumapeto kwa chaka chimenecho anafika ku Britain, ndipo posakhalitsa anatengedwa ndi Gus March-Phillipps, amene ankasonkhanitsa kagulu kochita ziwembu zadzidzidzi kuchokera panyanja, kamene pambuyo pake kanadziwika kuti Small Scale Raiding Force. Banja lake lenilenilo nkhondo inaligawa pakati: mng'ono wake Frants anaponyedwa ndi parachuti ku Denmark kukathandiza olimbana ndi Ajeremani mobisa, pamene msuweni wake Axel von dem Bussche anali ofisala m'gulu lankhondo la Germany, ngakhale kuti iyenso anadzipereka mu 1943 kuti aphe Hitler, chiwembu chimene sichinatheke.

Ntchito yoyamba yaikulu ya kaguluko inachitikira kuno ku Africa. Mu Januwale 1942 analowa usiku padoko la Santa Isabel pachilumba cha Fernando Po, pamene lero pali mzinda wa Malabo m'dziko la Equatorial Guinea, n'kudula maunyolo a nangula a sitima yaikulu ya Italy yotchedwa Duchessa d'Aosta ndi zombo zina ziwiri za Ajeremani, n'kuzikokera ku Lagos. Chilumbacho chinali cha Spain, dziko limene silinali nawo m'nkhondo, choncho boma la Britain linakana poyera kuti likudziwapo kanthu. Apa pakuonekera kale vuto la mendulo za asilikali apadera: boma lingayamikire bwanji poyera chinthu chimene likulumbira kuti silinachite? Chinathandiza n'chakuti m'nkhondo imeneyi mendulo zambiri za Military Cross zinkalengezedwa ndi mayina okha, zifukwa zake n'kutsekeredwa m'mafayilo. Lassen anapatsidwa uofisala m'chaka chomwecho, ndipo Military Cross yake yoyamba inadza chifukwa cha ntchito zake m'kagulu kameneka.

Imodzi mwa ntchitozo ili ndi mthunzi umene mendulo siionetsa. Usiku wa pa 3 Okutobala 1942 kaguluko, motsogozedwa ndi Meja Geoffrey Appleyard, kanakwera pachilumba chaching'ono cha Sark, pakati pa England ndi France, chimene Ajeremani anali atalanda. Lassen anapha mlonda ndi mpeni. Anthu a kaguluko anagwira asilikali asanu n'kuwamanga manja, ndipo ena a iwo atayesa kuthawa ndi kukuwa anaphedwa. Mmodzi yekha ndiye anafika naye ku England. Ajeremani atapeza mitembo yomangidwa manja anaigwiritsa ntchito ngati chimodzi mwa zifukwa za lamulo limene Hitler anasaina pa 18 Okutobala 1942, lakuti komando (msilikali wa ziwembu zadzidzidzi) aliyense wogwidwa aphedwe ngakhale atavala yunifolomu ndi kukweza manja. Lamulo limenelo linali mlandu wa Hitler mwini, ndipo pambuyo pa nkhondo makhoti analiweruza kuti linali lophwanya malamulo a nkhondo. Komabe amene amasimba za Lassen mwachilungamo sangalumphe usiku umenewo.

Mu 1943 anasamukira ku Mediterranean n'kulowa Special Boat Squadron (imene pambuyo pake inatchedwa Special Boat Service), gulu limene linaphuka kuchokera m'gulu lina la asilikali apadera a Britain, Special Air Service, ndipo linkatsogozedwa ndi George Jellicoe. Kachitsulo koyamba anakapeza mu Julayi chaka chimenecho pa bwalo la ndege la Kastelli pachilumba cha Crete ku Greece, pamene anakopera alonda kumbali imodzi kuti anzake atchere mabomba pa ndege kumbali ina. Kachiwiri kanabwera patangopita miyezi itatu pachilumba cha Symi, pamene anathandiza kubweza Ajeremani amene anakocheza, iye ali ndi bala la moto pamwendo ndiponso akudwala m'mimba. Chiwembu chimene chinakhetsa magazi ambiri kuposa zonsezi, cha pa Santorini mu Epulo 1944, pamene anthu ake analowa usiku m'nyumba yogona asilikali a adani m'tauni ya Fira, sichinamubweretsere mendulo ina iliyonse, ndipo Ajeremani anabwezera mwa kupha anthu wamba a pachilumbacho. Mu Okutobala 1944 anali atakwezedwa kukhala meja.

Tsopano tifike pa lamulo la akufa. M'chaka cha 1945, ofisala wa Britain amene wachita chamuna pankhondo n'kupulumuka anali ndi makwerero angapo patsogolo pake: kutchulidwa dzina m'malipoti a mkulu wankhondo, kenaka Military Cross, kenaka Distinguished Service Order, ndipo pamwamba penipeni Victoria Cross. Akafa pochita chinthucho, makwerero apakatiwo ankachotsedwa. Military Cross ndi Distinguished Service Order sizinkaperekedwa kwa munthu amene wafera pa chochitikacho, moti kwa womenyana ndi adani kunkatsala ziwiri zokha, ya pamwamba penipeni kapena ya pansi penipeni, imene chizindikiro chake ndi katsamba kakang'ono kamkuwa kosokerera pa kansalu ka mendulo ina. Mkulu wolemba pempho ankadziwa kuti akapempha Victoria Cross n'kukanidwa, banja la malemuyo lidzangolandira katsambako ndi chikalata.

Ngakhale Victoria Cross yomweyo sinayambe ndi akufa. Mfumukazi Victoria anaikhazikitsa pa 29 Januwale 1856 chifukwa cha nkhondo ya ku Crimea, ndipo chachilendo chake pa nthawiyo chinali chakuti sinkayang'ana udindo, kotero kuti msilikali wamba ndi jenerali ankaiyenera mofanana. Kwa zaka zoposa 40 chizolowezi chinali chakuti wakufa sapatsidwa. Boma linkangolengeza kuti uje akanalandira akanakhala ndi moyo. Mfumu Edward VII ndiye anayamba kusintha zimenezi mu 1902 chifukwa cha nkhondo ya ku South Africa, mu 1907 anatumiza mitanda kwa mabanja a ena asanu ndi mmodzi amene anafa kale, ndipo mu 1920 mfundoyi inalembedwa momveka m'malamulo a menduloyo. Mtandawo ndi wamkuwa wosawala, wopachikidwa pa kansalu kofiira kwambiri, ndipo kuyambira pachiyambi umasulidwa ndi kampani imodzi ya ku London, Hancocks. Anthu ankakhulupirira kuti mkuwa wake unachokera ku mizinga ya Russia yolandidwa ku Sevastopol m'nkhondo ya ku Crimea ija, koma ofufuza anapeza kuti mizinga imene yakhala ikudulidwa kwa zaka zambiri inasulidwa ku China. Kuseri kwa mtanda amazokota tsiku la chochitikacho, ndipo dzina la munthu limalembedwa kuseri kwa kachitsulo kopachikira. Yaperekedwa ka 1,358 chiyambire, ndipo 182 mwa imeneyi ndi ya nkhondo yachiwiri, pafupifupi theka lake kwa anthu amene sanaione.

Mtanda usanasulidwe pamakhala pepala, ndipo pepalalo limayenda ulendo wautali. Mkulu wa gulu amalemba pempho lofotokoza chimene chinachitika, mwachizolowezi ndi umboni wa anthu atatu amene anaona ndi maso awo. Pempholo limakwera kuchokera kwa mkulu wina kupita kwa wina, aliyense ali ndi mphamvu yolivomereza, yolitsitsa kapena yolitaya, mpaka likafike ku London ndi kwa mfumu. Dongosolo limeneli linapangidwira magulu aakulu omenya nkhondo masana, pamene mazana a anthu amaona zomwezo. Asilikali apadera amayenda anayi, khumi kapena 20, usiku, kuseri kwa adani, ndipo kawirikawiri mboni zimafera pamodzi ndi munthuyo kapena zimagwidwa. Mwayi wa Lassen, ngati mawu akuti mwayi angagwire ntchito pa munthu wofera pamsewu wamatope, unali wakuti ena mwa anthu ake anabwerera amoyo kudzasimba, ndiponso ntchito yawo inali mbali ya nkhondo yaikulu yodziwika imene panalibe chifukwa choibisira. Mpaka lero ndi iye yekha wa m'banja la Special Air Service ya Britain amene analandira Victoria Cross.

M'masiku omwewo a mu Epulo 1945, kutali kumpoto pafupi ndi mzinda wa Oldenburg ku Germany, mkulu wa 1st Special Air Service, Lefutenanti Kenolo Paddy Mayne, anayendetsa galimoto yake ya jeep kupita ndi kubwerera pa msewu woomberedwa ndi adani kuti apulumutse anthu ake amene anapanikizidwa mu ngalande. Iyenso anamulembera pempho la Victoria Cross, ndipo linadutsa m'manja mwa akuluakulu angapo, koma kumapeto analitsitsa n'kumupatsa Distinguished Service Order yachinayi. Nkhani imeneyi ikuwawabe anthu ena mpaka pano, moti mu 2005 aphungu a nyumba ya malamulo ku London anapempha kuti iunikidwenso, koma boma silinasinthe. Sikungakhale koona kunena kuti imfa ndiyo imagula Victoria Cross, popeza oposa theka la olandira m'nkhondoyo anali amoyo. Chimene chikuoneka n'chakuti kwa Mayne oweruza anali ndi pothawira, chifukwa mendulo yapakati inalipo yoti amupatse, pamene kwa Lassen anayenera kusankha pakati pa zonse ndi pafupifupi chabe. Mmene ine ndikuonera, zimene anachita pa msewu wa Comacchio zinali zokwanira mtandawo pazokha, koma n'zovuta kukhulupirira kuti osainawo sankaganizirakonso za zaka zitatu zimene zinatsogola.

Chikalata cha mendulo chimatha kulakwitsa ngakhale pa funso losavuta lakuti munthu wafa kapena ali moyo, ndipo chitsanzo chake chikukhudza dziko lathu. Kaputeni Eric Wilson anabwera mu 1937 kudzagwira ntchito m'bataliyoni yachiwiri ya King's African Rifles, ya asilikali a ku Nyasaland, n'kuphunzira Chinyanja, asanasamukire ku Somaliland Camel Corps. Mu Ogasiti 1940 anagwira phiri lina ku Tug Argan, ku Somaliland, masiku angapo polimbana ndi asilikali a Italy, atavulala ndiponso akudwala malungo, mpaka malowo analandidwa. Boma linamuyesa wakufa n'kulengeza Victoria Cross yake monga ya malemu, koma iye anali mkaidi ku Eritrea, anamasulidwa mu 1941, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2008.

Amene lamulo la akufa linamupweteka koposa m'mbiri ya asilikali apadera mwina ndi Sajeni Talaiasi Labalaba wa ku Fiji. Pa 19 Julayi 1972, ku Mirbat m'dziko la Oman, asilikali asanu ndi anayi a Special Air Service pamodzi ndi asilikali ochepa akumaloko anaukiridwa ndi zigawenga mazana angapo. Labalaba anaomba yekha mzinga umene umafuna anthu angapo, anapitiriza ngakhale chipolopolo chitamuphwanya nsagwada, mpaka anaphedwa. Kaputeni Mike Kealy, amene anapulumuka, analandira Distinguished Service Order. Labalaba anangotchulidwa dzina m'malipoti, chifukwa mendulo zapakati sizikanaperekedwa kwa wakufa, ndipo ambiri amakhulupirira kuti Victoria Cross inalephereka popeza ikanaulula nkhondo imene boma la Britain silinkafuna kuti ikambidwe. Anzake anamuimikira chiboliboli ku likulu la gululo ku Hereford, ndipo china chinavundukulidwa ku Nadi kwawo mu 2018.

Malamulowa anasintha mochedwa. Mu 1979 Mfumukazi Elizabeth II anavomereza kuti mendulo zambiri zapakati, kuphatikizapo Military Cross, ziziperekedwanso kwa akufa, ndipo patangopita zaka zitatu lamulo latsopanoli linagwira ntchito pa ofisala wina wa Special Air Service. Kaputeni John Hamilton anazingidwa ndi asilikali a Argentina pafupi ndi Port Howard pa zilumba za Falkland pa 10 Juni 1982, ndipo atavulala anapitiriza kuombera kuti mnzake apeze mpata wothawa, mpaka anaphedwa. Anapatsidwa Military Cross, chinthu chimene sichikanatheka m'masiku a Lassen kapena a Labalaba. Mu 1993 boma la John Major linachotsanso kusiyanitsa maudindo: Military Medal inathetsedwa, Military Cross inatsegulidwira asilikali onse, ndipo panakhazikitsidwa mendulo yatsopano, Conspicuous Gallantry Cross, yokhala pansi pa Victoria Cross.

Funso lotsala ndi lakuti mlendo analandira bwanji ulemu waukulu chotere wa dziko la eni. Malamulo a Victoria Cross amayang'ana gulu limene munthu akutumikira, osati dziko limene anabadwira, ndipo anthu ena obadwira ku Denmark anali atailandira kale m'nkhondo yoyamba, Jørgen Jensen ali m'gulu la Australia mu 1917 ndi Thomas Dinesen ali m'gulu la Canada mu 1918. Lassen amatchulidwa kuti ndiye yekha wochokera kunja kwa mayiko a Commonwealth amene anailandira m'nkhondo yachiwiri. Kwa anthu a ku Denmark, amene boma lawo linagonja m'maola ochepa mu 1940 n'kukhala zaka zitatu likugwira ntchito pansi pa Ajeremani, mtanda umenewu unalemera kuposa mkuwa wake, ndipo asilikali apadera a dzikolo amamutenga ngati kholo lawo.

Ajeremani a ku Italy anagonja pa 2 Meyi 1945, ndipo Denmark inamasuka pa 5 Meyi. Lassen anaikidwa m'manda a asilikali a Argenta Gap, kufupi ndi nyanja imene anafera, momwenso muli manda a Kopolo Thomas Hunter wa Royal Marines, amene analandira Victoria Cross atafa pa nkhondo ya m'mbali mwa nyanja yomweyo sabata imodzi m'mbuyomo. Mtanda wa Lassen analandira ndi makolo ake kuchokera kwa Mfumu George VI, ndipo pambuyo pake unakasungidwa ku Frihedsmuseet, nyumba ya ku Copenhagen yosungiramo mbiri ya anthu amene analimbana ndi Ajeremani m'zaka zisanu zija.